Katochi ka Mapazi a Amayi

Amayi anga atayamba kutaya mapatapata panjira, tonse tinkangoseka. Ankachoka kudimba atavala onse awiri, koma pofika pakhomo phazi lina lili pansi, iwo osadziwa n'komwe. Atate ankakwera njinga kukalondola, n'kubwera atakoleka patapatalo pahandulo. "Amake ana," ankatero, "mwayamba kufesa nsapato? Zikamera mundiuze, tikagulitse ku tauni." Amayi ankawayankha kuti munthu wosowa ntchito amalondola zilizonse, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kwathu ndi mudzi wina cha ku Chiparamba. Ana tinachokako kalekale. Achimwene anga ali ku Lusaka, ine ndili ku Kapata kuno, ndimasoka mayunifomu a ana a sukulu pakhonde panga. Kumudzi kunangotsala nkhalamba ziwirizo, mbuzi zawo ndi munda wa mtedza.

Kuseka kunatha tsiku limene ndinaperekeza amayi ku kiliniki. Matenda a shuga anali nawo kale, mankhwala ankamwa, ndipo ife tinkaona ngati zonse zili bwino. Ndinatchula za mapatapata zija mongocheza, koma anesi sanaseke. Anawauza amayi kuti atseke maso, n'kuyamba kuwabaya kuphazi ndi kawaya. Anabaya chala chachikulu, anabaya pakati, anabaya chidendene. Amayi ali phee, maso otseka, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi mwayamba?"

Anesi anatiuza kuti shuga wapha mitsempha ya kumapazi, moti amayi akhoza kuponda munga n'kuyenda nawo mpaka bala kuwola osamva kanthu. Sanafunike kutilongosolera zambiri. M'mudzi mwathu momwemo munali mnzawo wa amayi wa m'kwaya ya kutchalitchi amene anayamba choncho, kachilonda ka pachala, ndipo anabwerako ku chipatala chachikulu mwendo utadulidwa pabondo. Amayi anali atakamuona, atamuthandiza ngakhale kupita kubafa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

"Mankhwala ake ndi maso," anatero anesi. "Tsiku lililonse munthu aziyang'ana mapazi awa, pansi pake ndi pakati pa zala, pamalo powala bwino. Akaona kalikonse, ngakhale kadontho, mubwere tsiku lomwelo."

Amayi sakanatha kudziyang'ana okha. Msana unali utauma, ndipo maso awo ankaona ngati kuli utsi. Usiku umenewo ndinawaimbira achimwene ku Lusaka. Iwo pofuna kunditonthoza anati, "Usade nkhawa, ngakhale zitavuta, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo." Ha! Ndinawazazira mpaka mayunitsi kutha. Mwambi ndi wabwino ukamanena za mayi wa wina. Ine ndinkafuna amayi anga ndi miyendo yawo yonse iwiri, basi.

Ntchitoyo inagwera atate, ndipo anailandira popanda kunyinyirika. M'mawa mwake anayala mphasa pakhonde, dzuwa litatuluka bwino, anakhazika amayi pampando, iwo n'kukhala pansi, phazi la mkazi wawo lili pamiyendo pawo. Vuto ndi lakuti nyumba yathu inayang'ana njira yopita ku minda ya thonje. Amuna anayamba kudutsa, makasu paphewa. Woyamba anangokhosomola. Wachiwiri anaima n'kupereka moni wautali kuposa masiku onse. Pofika Lamulungu, Misa itangotha, mudzi wonse unali utagwirizana kuti akuluwo adya kondaine. Mwamuna wa imvi kugwira mapazi a mkazi pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo? Amenewo ndi mankhwala, sangachite kufunsa.

Atate analibe nazo ntchito. Amene anakana ndi amayi. "Ine pa ukalamba uno anthu azinditi ndinadyetsa mwamuna wanga mankhwala? Ndipo iwo aziwaseka kumowa ngati chitsiru? Iyayi. Bola mwendowo uduke." Amayi anga akati iyayi, ngakhale abambo mfumu a ku parishi ankabwerera pakhomo. Atate anachonderera mpaka anagwirizana kuti aziyang'anira m'nyumba, chitseko chotseka.

Tsono nyumba yathuyo muidziwe. Pomanga, atate anasiya malo a mawindo n'kutsekapo njerwa, akuti kwa kanthawi, mpaka adzagule mafelemu. Ine ndinali kamtsikana pamenepo. Kanthawi kameneko sikanathe mpaka lero. Ukatseka chitseko, ngakhale masana, m'kati mumakhala mdima woti sungapeze singano, kuwala kumangolowera m'timabowo ta malata.

Achimwene, mwina pofuna kufafaniza mwambi wawo uja, anatumiza tochi pa basi. Abale inu, chitochi! Chachikulu ngati chigubu cha mafuta, chogwirira pamwamba, chokhala ndi wailesi m'mimba. Mphatso ya kwa makolo iyenera kuoneka, ndimo mmene ife timaganizira, ndipo ine ndemwe ndinachiyamikira pochilandira. Koma ntchito ya mapazi imafuna manja awiri, lina logwira phazi, lina lotambasula zala. Akachiika pampando chinkaunika khoma. Amayi akachigwira ankawathobwa atate m'maso. Tsiku lina anadina polakwika, chinayamba kulira ngati ambulansi, anthu oyandikana nawo n'kuthamangira kuganiza kuti kwagwa zovuta. Anapeza chitseko chotseka, nkhalamba ziwiri zili m'kati. Mukhoza kuganiza nokha zimene zinayankhulidwa kuchitsime. Chitochicho chinakathera pamwamba pa kabati, chikugwira ntchito ya wailesi.

Pasanapite nthawi foni yanga inayamba kulira m'mawa uliwonse, nthawi imene ndikupaka mafuta makina. Nambala ya atate. Ndikayankha, palibe woyankhula, kumangomveka kupuma kwa munthu, fuu, fuu, pafupi kwambiri. Patali mawu a amayi: "Mwatha? Mbuzi zikulira kukhola uko." Ndikafuula kuti "Atate! Atate!" palibe wondimva. Poyamba ndinachita mantha, kenako ndinapsa mtima, ndipo Loweruka ndinatseka makina n'kukwera galimoto ya kumudzi.

Anandilola kulowa chifukwa ndine mwana wawo. Ndinakhala pakona, atate n'kutseka chitseko. Anatulutsa kafoni kawo kamabatani kaja, anayatsa katochi ka pamutu pake, n'kukaluma m'kamwa. Manja onse awiri anapita kuphazi. Mano awo otsala ochepawo ndi amene ankadina nambala yanga, poti ndi imene inali pamwamba. Kuwala kwake kunali kofooka, kobiriwira, ndipo kafoniko kankazima kokha pakati pa ntchito. Ndinawaona atawerama, mutu uli pafupi ndi chidendene cha amayi, malovu akutsikira pachibwano poti sakanatha kumeza. Ndinkafuna kuwakalipira chifukwa cha mafoni aja, koma ndinaleka. Ndinawakonda atate tsiku limenelo kuposa masiku onse amene anandinyamula paphewa.

Lolemba m'mawa ndinali pamsika wa Kapata. Ndinapita kwa mayi wina wogulitsa matochi, mabatire, maloko ndi machaja, mayi wa msinkhu wanga, wa pakamwa ngati ine. Anayamba kundiyalira zazikulu, zowala mpaka kuphiri, zoti malaiti akapita nyumba yonse imakhala ngati masana.

"Ndikufuna kakang'ono," ndinatero.

Anatulutsa timatochi m'katoni. Ndinatenga koyamba, ndinakakulunga ndi kansalu kanga ka m'chikwama, n'kukaluma.

"Amayi! Amayi inu! Izi si nzimbe!"

Ndinakachotsa, n'kunena kuti n'kolemera, nsagwada za munthu wamkulu sizingapirire. Ndinatenga kachiwiri, kachitsulo konyezimira. Kolimba kwambiri, kangathyole mano. Kachitatu kanali kabwino m'kamwa, koma ukadina kamodzi kawala, kachiwiri kachepa, kachitatu kayamba kuphethira ngati galimoto ya apolisi. Ndinakumbukira ambulansi ija n'kukabweza msanga. Kena kanali kotchaja pamagetsi, ndipo kumudzi kwathu kutchaja ndi ulendo wa njinga. Mayiyo anali ataika manja m'chiuno, anthu ayamba kuima kuonerera mzimayi wodya matochi.

"Kodi mwabwera kudzagula kapena kudzalawa?"

Ndinayenera kumuuza. Ndinamufotokozera za shuga, za mapazi, za kondaine, za mawindo a njerwa, mpaka za mafoni a m'mawa aja. Anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anasiya kuseka. Anathamangitsa oonerera aja kuti pano si pa sinema. Anafufuza pansi pa katoni n'kutulutsa katochi kapulasitiki kakuda, kotalika ngati chala changa chapakati, kosaoneka bwino n'komwe. Batani lake linali kumbuyo, lofewa: ukadina kayaka, ukadinanso kazima, basi. Kankadya batire imodzi yokha, yaing'ono ija timaika m'wotchi ya pakhoma, imene imapezeka pa kantemba kalikonse kumudzi.

"Koma kuwala kwake?" ndinafunsa. "Kwina kumakhala kobiriwira, khungu lonse limangooneka ngati phulusa. Ndikufuna koti bala lizioneka kuti ndi bala."

Mayiyo anavula nsapato, anaika phazi pampando kuseri kwa tebulo, natifunditsa chitenje tonse awiri kuti kude. Ndinaluma katochiko, ndinagwira phazi la munthu amene sindinkamudziwa n'komwe, n'kutambasula zala. Kuwala kunali koyera, kosathobwa, kozungulira bwino ngati kambale. Ndinaona mng'alu uliwonse wa kuchidendene, ngakhale kamchenga kobisala pakati pa zala. Titavundukula chitenjecho tonse tinali thukuta, tikuseka ngati atsikana.

"Kameneka," ndinatero.

"Mukakakulunge mphira wa chubu cha njinga polumapo," anatero iye akuvala nsapato. "Mano a akuluwo angaterereke. Ndipo mukawauze kuti ngati n'kondaine, andisungireko, kwanga kukufunika."

Madzulo ndinadula kachubu, ndinakulunga bwinobwino, ndinasoka m'mphepete ndi ulusi wolimba, ndipo ndinamangirira kachingwe ndi pini yoti azikolekera m'thumba la malaya. Zosoka ndiye zanga, pamenepo sindinafunse munthu.

Loweruka ndinapita nako kumudzi. Atate atakalandira anakatembenuza uku ndi uku. "Mlongo wako anatumiza tochi. Iwe wabweretsa mwana wa tochi?" Ndinawauza kuti ayese kaye asananyoze. Analowa m'nyumba ndi amayi, chitseko n'kutsekedwa, ine ndinatsala panja ndikusenda mtedza. Anatenga nthawi. Potuluka sananene kuti zikomo, atate sanali munthu wa zikomo kwa ana. Anangokoleka pini ija m'thumba la malaya, n'kusisita thumbalo, n'kundifunsa ngati ndadya.

Kuyambira pamenepo katochiko sikanachoke pachifuwa pawo. Kumunda, kumaliro, kutchalitchi, kamutu kake kankasuzumira m'thumba. Anzawo akawafunsa kuti tochi masana n'chiyani, ankati n'kounikira anankafumbwe m'nkhokwe. Batire ikayamba kufooka sankadikira kuti ithe, ankaichotsa n'kuipatsa wotchi ya pakhoma kuti imalize. Foni yanga inasiya kulira m'mawa, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinakusowa kupuma kuja.

Nyengo yokumba mtedza ya chaka chotsatira, atate anandiimbira, ulendo uno ndi chala. "Ndapeza kanthu," anatero. Kanali kamunga ka mthethe, kakang'ono ngati nsonga ya singano, kobisala pakati pa kachala kakang'ono ndi kanzake, m'mbali mwake mutayamba kutupa. Amayi anakana zopita ku kiliniki. Mtedza uli pamunda, mbuzi za anthu zikulowa, ndiye munthu asiye ntchito chifukwa cha kadontho kosapweteka n'komwe? Atate, amene moyo wawo wonse ankagonja amayi akati iyayi, tsiku limenelo anatulutsa njinga, anamanga pilo pakaliyala, n'kuima pakhomo. "Amake ana, mukwera nokha kapena ndikuberekeni? Ndikakuberekani ndidutsa pakati pa mudzi, aone kondaine weniweni." Amayi anakwera okha.

Anesi anachotsa mungawo, anatsuka, anamanga, ndipo anati akanachedwa tikanayankhula zina. Kachilondako kanavuta kupola, kanadya milungu yambiri, atate akuwapalasa amayi kupita ndi kubwera, mtedza wina n'kuwolera m'munda. Koma kanapola. Mayi wa mwendo umodzi uja atamva anabwera ndi ndodo zake kudzawaona. Anagwira phazi la amayi nthawi yaitali, kenako anauza atate pamaso pa anthu kuti, "Akulu, oseka aziseka." Zoseka zija zinachepa kuyambira pamenepo, ngakhale amayi sanalolebe zapakhonde. Chitseko chinkatsekedwabe m'mawa uliwonse, ndipo ndikuganiza kuti pofika apo sankatsekeranso anthu. Inali nthawi yawo.

Tonse tinkadera nkhawa amayi, ndipo palibe amene ankayang'ana atate. Anadwala chifuwa m'nyengo ya mvula, zaka zingapo pambuyo pake, anagona masiku ochepa, n'kupita. Amayi anandiuza kuti ngakhale atagona pamphasa, asanawatengere kuchipatala, ankawaitana kuti abweretse mapazi pafupi.

M'mawa wotsatira tsiku loika maliro, nyumba inali yodzaza azimayi, panja achimwene ali ndi amuna pansi pa mtengo wa mango. Amayi anandikodola n'kulowa kuchipinda. "Tseka chitseko," anatero. Nditatseka, mdima uja unatikuta. Ndinamva akumasula mfundo ya pansonga ya chitenje, kenako anandigwira dzanja n'kuikamo katochi kaja. Anali atakachotsa okha m'thumba la malaya a atate.

"Dzulo kumanda ndinaponda paliponse," anatero. "Tandiyang'ane."

Ndinakhala pansi, ndinaika phazi lawo pamiyendo panga, ndinadina batani n'kukaluma. Mphira uja unali utafewa, ndipo unali ndi timaenje. Mano anga analowa m'timaenje timeneto, tiwiri pamwamba chakumanzere, kamodzi pansi, mmene munali mano a atate. Sindinayembekeze zimenezo.

Ndinayamba ndi chala chachikulu, poti n'chimene chinali pafupi.

"Ayi, si choncho," anatero amayi. "Atate ako ankayamba kachala kakang'ono ka kumanzere, kaja ka munga. Akakaona kaye kameneko ndiye mtima ukhale pansi."

Ndinachotsa katochi m'kamwa. "Mukudziwa bwanji, amayi, poti simumva?"

"Kumva sindimva. Ndinkayang'ana mutu wawo. Kuwala kunkagunda phazi n'kubwerera pa dazi pawo, ndiye ndinkaona kuti tsopano ali apa, tsopano ali apo. Zaka zonsezi ine ndimaonera dazi la atate ako m'mawa uliwonse." Anaseka pang'ono. "Akamaliza ankamenya kaphazi kawiri n'kunena kuti, zonse zilipo, mayi, kayendeni. Tochi ili m'kamwa, mawu osamveka bwino, koma ndinkadziwa."

Ndinabwezera katochi m'kamwa n'kuyamba kachala kaja. Misozi inkatsika, mamina akutuluka, ndipo munthu sungalire bwino utaluma chinthu. Kuwala kunayamba kuvina pakhoma.

"Iwe, ukugwedeza tochi," anatero amayi. "Ulire ukamaliza. Yang'ana kaye."

Ndinalimba nsagwada. Ndinapita chala ndi chala, pansi pake, m'mbali, kuchidendene, kenako phazi linalo. Munali dothi lofiira la kumanda pakati pa zala, ndinalipukuta ndi nsonga ya chitenje changa. Panalibe munga, panalibe bala. Mapazi a nkhalamba yolima moyo wake wonse anali osalala, osamalidwa, zikhadabo zowengedwa bwino. Inali ntchito ya atate yonseyo, ili m'manja mwanga.

Ndinamenya kaphazi kawiri. Ndinayankhula katochi kali m'kamwa.

"Zonse zilipo, mayi. Kayendeni."

Amayi anagwira phewa langa, anaimirira ndi miyendo yawo yonse iwiri, anafufuza mapatapata ndi maso poti mapazi sakanawauza, n'kutsegula chitseko kupita kukathokoza anthu amene anagona pamaliro a mwamuna wawo.

Pano amakhala ndi ine ku Kapata, m'nyumba ya mawindo agalasi, mowala mokwanira. Ndinawauza kuti kuno tochi sikufunika, tikhoza kungokhala pafupi ndi windo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanapake mafuta makina, timatseka makatani ndi chitseko. Mphira uja wayamba kung'ambika, ndipo chubu china ndili nacho m'dilowa, koma sindinausinthe.